Makina owotcherera ogula kwa munthu akayamba kuvuta, yambirani pakhoma osati mkati

Kuno ku Kasungu anthu akangolandira za fodya ku Chinkhoma ntchito ya owotcherera imachuluka heve, wina akufuna ngolo, wina mafelemu a mawindo ndi zitseko, wina mabagala, nde achinyamata ambiri amathamangira kugula makina ogwirapo kale ntchito poti atsopano mtengo wake si wamasewera. Palibe cholakwika pamenepo, makina akale ena ndi olimba kuposa atsopano omwe. Chimene chimandiwawa ine ndi kuona munthu makina angozima kamodzi basi watenga kale sikuludilaiva wayamba kumasula, kugwiragwira bodi ya tizipangizo ta magetsi ya mkatimo, mapeto ake waononga chinthu chimene chinali chabwinobwino pomwe vuto linali pa pulagi. Makina ambiri amene anthu amati afa sanafe, vuto limakhala panja, pa magetsi olowa, pa mawaya, pa ethi (waya wopanira pa chitsulo chomwe mukuwotcherera), kapena fumbi chabe. Nde tiyeni tiyende mwa ndondomeko yake, kuyambira pakhoma kumalowa mkati pang'onopang'ono.

Choyamba dziwani kaye kuti muli ndi mtundu uti. Alipo a thiransifoma, olemera aja oti kunyamula mpaka anthu awiri, ena amakhala mu oyilo ena amangozizira ndi mphepo, ndipo mgulu lomweli muli aja opota pamanja omwe mumawaona m'misika atakhomeredwa pa thabwa mawaya ali poyera. Kenako alipo a inveta, ang'onoang'ono opepuka oti mumangokoleka paphewa nkukwera kabaza, amalembedwa MMA 200 kapena MMA 250 pambali. Mavuto akunja ndi ofanana koma mkati ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo a inveta ndi amene amapha munthu olo mutazula pulagi, tifikapo pamenepo.

Ngati simunagule, osapereka ndalama makina asanayake pamaso panu. Mwini wake akamati magetsi azima ingotengani mukayesere kwanu, muuzeni mubweranso mawa. Pitani ndi ma rodi anuanu a 6013, a 2.5 ndi a 3.2, ndi kachitsulo kokhuthala bwino, muotche ma rodi a 3.2 atatu motsatizana osapumira. Rodi imodzi yokha siyikuuzani kanthu chifukwa makina odwala amayamba bwino akadali ozizira, matenda amaoneka akatentha. Nunkhizani pa timabowo ta mphepo, fungo la vanishi wopsa silibisika olo munthu atapukuta bwanji. Onaninso masikuluu, ngati mitu yake ndi yodyekadyeka kapena ena akusowa dziwani kuti munalowa kale manja ambiri mmenemo, funsani anakonza chani. Ndipo nambala yolembedwa pambali ija osaikhulupirira kwambiri, ma inveta otchipa ambiri amalemba 250 kapena 300 koma mphamvu yeniyeni siyifika pamenepo, chimene chimanena zoona ndi rodi. Rodi ya 2.5 imafuna ma ampu apakati pa 60 ndi 90, ya 3.2 imafuna 90 mpaka 130, nde ngati mwapotokola kosinthira ma ampu mpaka kumapeto koma ya 3.2 ikungomatirira ndiye kuti makinawo alibe mphamvu kapena magetsi a pamalopo ndi ofooka.

Tsopano tinene kuti munagula kale ndipo akuvuta. Pezani malitimita, mita yoyezera magetsi ija, olo yotchipa yomweyi ya mu hadiweya, popanda imeneyi mukungolota. Ikani pa AC muyeze pa soketi, magetsi a ESCOM amayenera kukhala chamma 230. Koma osayeza makina ali chete pokha, uzani mnzanu agwire mita inu muyatse moto pa chitsulo, iye aone nambala ikutsika kufika pati. Ikagwa kwambiri mpaka pansi pa 190 apo vuto si makina, ndi laini. Izi zimachitika kwambiri m'ma treding'i senta momwe thiransifoma imodzi ikudyetsa chigayo, ma saluni, owotcherera atatu ndi nyumba zonse, chigayo chikangolira moto wanu umafooka pompo. Yesani m'mawa kwambiri kapena nthawi imene chigayo chazima muone kusiyana kwake musanaweruze makina.

Chachiwiri ndi ekisitenshoni. Apa nde pamene pagona anthu ambiri, munthu akukoka magetsi kuchokera m'nyumba mamita 30 ndi kawaya kowonda koyenera wailesi, kolumikizalumikiza ndi mapepala a shuga, kenako akudabwa kuti rodi ikumatirira. Waya woonda komanso wautali umadya mphamvu panjira, ugwireni mukaotcha rodi imodzi, ngati watentha ndi umenewo wakuba wanu. Waya wa 2.5mm ndiye poyambira, ukatalika pitani pa 4mm, ndipo ngati uli pa chozengera chija utambasuleni wonse chifukwa ukakhala wokulunga umatentha mpaka kusungunuka. Pulagi yathu ya mano atatu ija fyuzi yake ndi 13 ampu basi, pomwe makina akamaotcha rodi ya 3.2 amakoka kuposa pamenepo, nchifukwa chake fyuzi imangopsa kapena pulagi imada nkusungunuka mano. Ndikupemphani abale, osakulunga waya kapena pepala la ndudu pa fyuzi, komanso zolowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi nkutsekera ndi timitengo ta machesi zija siyani, nyumba zimapsa ndi zomwezi. Itanani wamagetsi wa mapepala ake akuikireni soketi yakeyake ya makina ndi buleka yake ya 32 ampu kuchokera pa bokosi, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi shopu.

Za jenereta ndinenepo pang'ono poti magetsi akazima ambiri timathawira kumeneko. Inveta imadana ndi jenereta yaing'ono yopanda AVR (kachipangizo kokhazikitsa magetsi otuluka), magetsi ake amakwera nkutsika nthawi imene mukuyatsa ndi kuzimitsa moto ndipo kukwera kumeneko ndi kumene kumaotcha bodi. Pa rodi ya 3.2 mufunika jenereta ya 6 kapena 7 kVA. Lizani jenereta kaye ikhazikike kenako muyatse makina, pomaliza zimitsani makina kaye kenako jenereta, ndipo osalola mafuta athere makina ali oyaka.

Magetsi olowa akakhala bwino bwerani kutsogolo kwa makina, pa mawaya awiri aja, wa holda yogwirira rodi ndi wa ethi. Kunena zoona makina ogula kwa munthu ambiri amabwera ndi ethi yomvetsa chisoni, sipuling'i inafooka kalekale, mano adzimbiri, waya wangotsala tingusi tochepa pa bawuti, ena mpaka anataya chopanira nkumangogoneka chitsulo pa waya kapena kulumikiza ndi zidutswa za ma ring'i. Moto wonse umene ukutuluka pa rodi umayenera kubwerera kudzera pa ethi, nde ikakhala yofooka moto umadukaduka, rodi imamatira, ndipo inu mumangoonjezera ma ampu kumavutitsa makina osalakwa. Njira yachidule yopezera malo oipa ndi iyi, otchani rodi imodzi, zimitsani makina, kenako yendetsani dzanja mosamala pa waya yense kuyambira pa makina mpaka kumapeto. Pamene patentha kuposa pena ponse ndi pomwe pali vuto. Dulani pamenepo, sendani waya mpaka muone kopa wowala, mangani ndi lagi (kachitsulo kovekera kumapeto kwa waya) ndi bawuti zolimba. Palani ndi gulainda pamalo pomwe mukupanira ethi, penti ndi dzimbiri sizidutsa magetsi, ndipo panirani pafupi ndi pomwe mukuwotcherera osati kumapeto kwa ngolo uko.

Onaninso polowera mawaya pa makina, timapulagi topotokola tija. Tikakhala tolobodoka timatentha, pulasitiki yake imapsa mpaka nati wa mkati amamasuka, ndipo ndi vuto lofala kwambiri pa ma inveta akale. Timagulitsidwa patokha, kusintha kwake nkosavuta. Waya weniweniwo upaleni pang'ono ndi mpeni, ngati pamwamba ndi pofiira koma mkati ndi moyera ndiye kuti ndi aluminiyamu wopaka kopa, amatentha msanga ndipo amathyoka pa mfundo. Mukapeza ndalama gulani wa kopa weniweni wa 16mm kapena 25mm, mudzaona ngati mwagula makina ena.

Ma rodi nawonso amanamizira makina. Nthawi ya dzinja rodi ikagona pansi pa simenti kapena mu shedi yodontha imayamwa chinyezi, poyatsa imathetheka kwambiri, imasiya timabowo pa joini ndipo chikopa chake chimagwa chokha. Sungani mu chitini chotseka kapena mu paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse. Komanso 6013 ndi yofatsa, imayaka pa makina aliwonse, koma 7018 imavuta kuyatsa pa ma thiransifoma ang'onoang'ono a AC, nde musati makina afa pomwe mwangowapatsa rodi yosayenera.

Zonsezi zikakhala bwino yezani magetsi otuluka. Yatsani makina osawotcherera, ikani mita pa mabowo awiri akutsogolo, pa AC ngati ndi thiransifoma wamba, pa DC ngati ndi inveta. Mupeze pakati pa 50 ndi 90 volts, ndipo pa kachitsulo kolembedwa kumbuyo kapena pansi pali pomwe analemba U0, nambala imeneyo ndi imene ikuyenera kutuluka. Ma inveta ena ali ndi VRD yomwe imatsitsa dala magetsi amenewa kuti asakumenyeni shoko, pamenepo muona nambala yaing'ono koma si vuto. Mukapeza ziro fani ikuzungulira, apo nde tayamba kulowa mkati.

Koma tisanatsegule, pali vuto lina loti makina akugwira bwinobwino kenako amangosiya okha kagetsi kachikasu nkuyaka, mukadikira pang'ono ayambanso. Amenewo sanaonongeke, akudziteteza ku kutentha. Pa kachitsulo komwe kaja pali chizindikiro cha X ndi maperesenti, akalemba 60% pa ma ampu akutiakuti akutanthauza kuti pa mphindi 10 zilizonse muwotcherere 6 zinazo apume. Otchipa ambiri pa mphamvu yonse amangokwanitsa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno, makina ali padzuwa pabwalo, amafika msanga pamenepo. Kagetsi kakayaka musazimitse pa switchi, asiyeni fani izizungulira ndi imene ikuziziritsa, ndipo aikeni pamthunzi, pa thabwa kapena pa tebulo osati pa dothi pomwe akukoka fumbi lonse. Anthu ena amadula kawaya ka sensa ya kutentha kuti asamazime, ndipo mukagula makina kwa munthu onani ngati sanachite zimenezi, chifukwa makina otero tsiku lina amangophulika osachenjeza. Kagetsi kaja kakamayaka makina angoyatsidwa kumene m'mawa ali ozizira, imeneyo ndi nkhani ina, mwina sensa yafa kapena yazuka, mwina magetsi ndi otsika kwambiri, mwinanso ma IGBT, tizipangizo toyatsa ndi kuzimitsa magetsi mkati mwa inveta, apita.

Tsopano kutsegula inveta, ndipo apa ndimvereni bwino achimwene. Mkati muli ma kapasita akuluakulu ngati timabotolo, amasunga magetsi opitirira 300 volts DC ndipo amatha kukhala nawo olo mwazula pulagi. Zulani pulagi, dikirani mphindi zosachepera 5, tsegulani osagwira bodi, ikani mita pa DC muyeze pa miyendo ya kapasita. Ngati mudakali magetsi atsitseni ndi mababu awiri akale aja a waya mkati olumikizidwa motsatizana, ayaka pang'ono nkuzima, kenako yezaninso. Osagunditsa ndi sikuludilaiva, kuphulika kwake kumaononga bodi ndipo kukhoza kukulasani m'maso. Ngati mulibe mita kapena mtima ukukayika, imani pompa mupite nawo kwa okonza ma TV ndi ma amplifaya, si manyazi.

Mukatsimikiza kuti mulibe magetsi, ntchito yoyamba ndi kuyeretsa. Fumbi la mu shopu ya owotcherera si fumbi wamba, lili ndi tizitsulo ta gulainda ndipo timadutsa magetsi, tikaunjikana pa bodi timalumikiza malo osayenera kulumikizana. Pemererani ndi bulowa kapena pampu ya njinga, burashi ya penti youma ithandize, madzi ayi. Mupezamo zambiri, zisa za mavu, mphemvu, nalimata wouma atagona pa bodi, nthawi zina makoswe atadya mawaya. Zungulitsani fani ndi chala, ngati ikulimba kapena ikulira isintheni, onani pa sitika yake ngati ndi ya 12V, 24V kapena 220V mugule yofanana. Kenako yang'anani ndi maso pa kuwala kwabwino, kapasita wotupa pamwamba kapena wotuluka madzi, malo akuda pa bodi, timapulagi ta mawaya tomwe tazuka ndi kugwedezeka pa njinga kapena pa minibasi, ndi malo omwe soda, mtovu wolumikizira uja, yasweka mozungulira mwendo wa chinthu cholemera. Kungobwezeretsa kapulagi kozuka kapena kuotchanso soda kumadzutsa makina ambiri ndithu.

Makina oti sakuyaka olo pang'ono, yambani ndi waya wolowa ndi switchi yakumbuyo, pulagi ili yozula ikani mita pomwe imalira mawaya ake akagundana muone ngati njira ya magetsi ndi yolumikizana, ma switchi amenewa amapsa kawirikawiri. Makina oti mukangoyatsa buleka ikugwa nthawi yomweyo ndiye kuti pali shoti, ndipo okayikitsa ndi awiri, buliji yosintha AC kukhala DC ndi ma IGBT, tija ta miyendo itatu tomangidwa pa aluminiyamu. Ikani mita pa chizindikiro cha dayodi, yezani miyendo iwiriiwiri. Pa miyendo yomwe pali dayodi chabwino chimaonetsa chamma 0.4 kapena 0.5 mbali imodzi ndipo mukatembenuza mawaya sichionetsa kanthu, pa mwendo wa geti, womwe umayatsa ndi kuzimitsa IGBT, sichionetsa kanthu mbali zonse, chopsa chimalira mbali zonse kapena kuonetsa ziro. Pa bodi nthawi zina zimanamiza chifukwa cha zinthu zina zolumikizana nazo, nde chimene mukuchikayikira chichotseni muchiyeze chili pachokha. Ma dayodi otulutsa mutha kuwayeza osamasula nkomwe, makina ali ozima ikani mita pa mabowo akutsogolo aja, ikalira mbali zonse ziwiri pali dayodi yapsa.

Posintha ma IGBT pali zinthu zimene anthu amadumpha kenako atsopanowo amapsanso pa rodi yoyamba. Musasinthe imodzi yokha, sinthani onse ogwira limodzi ndipo akhale a nambala imodzi. Yezani timarezisita ndi timadayodi tating'ono tomwe tili pa mwendo wa geti, IGBT ikamapsa imakonda kupita nato, mukatisiya takufa mwataya ndalama. Pakani mafuta oyera aja otengera kutentha, ndipo ngati panali kapepala kotchinga pakati pa IGBT ndi aluminiyamu kabwezereni, kakasowa ndi shoti ina. Zipangizo zabodza nazo zilipo zambiri, nchifukwa chake okonza ena amakonda kuchotsa pa bodi ya makina ena akufa kusiyana ndi kugula zatsopano zosadziwika kochokera, nde mukaona inveta yakufa ikugulitsidwa motchipa tengani musunge.

Mukamaliza osangolowetsa pa soketi nkupemphera. Lumikizani babu yakale ya 100W motsatizana pa waya wa laivi, osati ya LED. Mukayatsa babu iwale kwambiri kanthawi kochepa kenako izilala pomwe ma kapasita akudzaza, fani iyambe, mumve karilei, kaswitchi kodzitsekera kokha ka pa bodi, kakuti thapu. Babu ikangowalabe mwamphamvu osazilala shoti idakalipo, zimitsani, babuyo yakupulumutsirani ma IGBT. Musawotcherere babu ili pamenepo, ichotseni kaye, kenako yambani ndi rodi ya 2.5 pa ma ampu otsika. Karilei kaja nako kaoneni, kakapanda kutseka magetsi onse amadutsa pa rezisita yoyambitsira ndipo imapsa mukangogunda rodi. Vuto loti mukupotokola koma mphamvu sikusintha kapena ikudumphadumpha nthawi zambiri ndi kavoliyumu kosinthira ma ampu kaja kadzaza fumbi kapena kathyoka mwendo, werengani nambala yake kumbuyo musinthe, nkotchipa.

A thiransifoma alibe zambiri, nchifukwa chake ine ndimawakonda kwa munthu amene ali kutali ndi tauni monga ku Chulu kapena ku Santhe mkati uko. Zulani pulagi, tsegulani, mangani ma nati onse pomwe mawaya akuluakulu alumikizana chifukwa kunjenjemera kumawamasula ndipo pomasuka pamapsa. Mukayeza koyilo mita idzalira, musadabwe, waya wake ndi wonenepa nde ndi mmene zimakhalira. Chofunika kwambiri ndi kuyeza pakati pa koyilo ndi chitsulo cha thiransifoma kapena bokosi, komanso pakati pa koyilo yolowa ndi yotuluka, pamenepo pasalire olo pang'ono. Pakalira makina amenewo ndi msampha, asagwirenso ntchito mpaka atapotedwanso, ndipo ngati bokosi limakumenyani shoko mukaligwira musazolowere ayi, onaninso waya wa ethi wa pa pulagi ngati unamangidwa pa bokosi poti ambiri amaudula. Kuti mudziwe ngati koyilo yapsa mkati, yatsani makina muwasiye mphindi 10 osawotcherera, abwino amangofunda pang'ono, oti mawaya agundana mkati amatentha, amalira mokwiya ndipo amanunkha. Kulira kogogoda kokha kopanda kutentha kumakhala mabawuti omanga zitsulo za thiransifoma kapena chitsulo cholowa ndi kutuluka chija chosinthira mphamvu chalobodoka, mangani, pakani girisi pa ulusi wa chogwirira.

Koyilo yopsa imapotedwanso kwa aja opota ma mota a zigayo, koma gwirizanani kaye kuti aika waya wa kopa wa saizi yomweyo ndipo mukaone akupota, chifukwa waya woonda kapena wa aluminiyamu umapangitsa makina kutentha pa rodi ziwiri zokha. Funsani mtengo musanasiye makina, nthawi zina kupota kumafika pafupi ndi mtengo wa inveta ina. A mu oyilo onani kuti oyilo akuphimba koyilo yonse, akachepa onjezerani oyilo wa thiransifoma wogula mu shopu yodziwika osati wa galimoto, ndipo wa m'zigubu wogulitsidwa mobisa uja mukaneni, ambiri amakhala obedwa m'ma thiransifoma a ESCOM, mudzamangidwa nawo komanso ndi zomwezo zimatisiya mumdima miyezi. Aja opota pamanja a pa thabwa apangireni bokosi lokhala ndi mipata ya mphepo, ana amadutsa pa shopu ndipo mvula siyichenjeza.

Poyesa makina mukakonza valani chigoba cha kumaso chenicheni, magalasi a dzuwa satchinga kanthu, usiku wake maso amawawa ngati mwathiridwa mchenga ndipo kubwerezabwereza kumaononga maso. Imani pouma, nsapato zotseka, magolovesi ouma, osasintha rodi ndi dzanja lonyowa thukuta mutatsamira chitsulo chomwe mwapanira ethi. Ngati mwayeza zonse tanenazi, magetsi olowa ali bwino, mawaya ali bwino, buliji, ma IGBT ndi ma dayodi ali bwino koma kutsogolo kukutulukabe ziro, vuto lili pa kabodi kowongolera, ndipo pamenepo pamafunika munthu wa zipangizo zoyezera zoposa malitimita. Mulembereni pa pepala zonse mwayeza ndi manambala amene munapeza, mumupatse limodzi ndi makinawo kuti asayambirenso pachiyambi komanso asakulipiritseni zinthu zomwe zili zamoyo.